Galu akatsegula m'mimba, tiyambire pati?

M'mwezi wa June chaka china, azakhali anga a ku Chilomoni anandiitanitsa m'mamawa kuti ndikaone kagalu kawo ka miyezi inayi. Ndinakapeza katagona kuseri kwa khitchini, mutu uli pansi, pambali pake pali chimbudzi chamadzimadzi chosakanikirana ndi magazi, cha fungo loti ukalimva kamodzi sungaliiwale. Pamene ndimafika n'kuti malangizo atabwera kale kuchokera mbali zonse. Wina anati akuba akathirira tameki, ndiye kamwetsedwe mkaka msanga. Wina anali atathamangira kunyumba kwake kukatenga Flagyl. Agogo a nyumba yoyandikana nayo anati tingokasiya, galu amadziwa yekha mankhwala ake, akadya udzu amachira.

"Mwanawe, nanga ife titsate ziti?" anandifunsa azakhali.

Anthu onsewa ankafuna kuti kagaluko kachire, ndipo palibe amene ankangolankhula zam'mutu. Aliyense ananena zimene anaziona zikuchitika penapake.

Agogo aja ndi amene anali pafupi kwambiri ndi zoona. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo iwo anaweta agalu ambiri kuposa ife tonse. Galu wamkulu akafukula zowola kudzala, akadya mkute wosasa, kapena mukamusinthira chakudya mwadzidzidzi, amatsegula m'mimba tsiku limodzi kapena awiri, kenaka matumbo amakhazikika okha. Ngati m'masiku amenewo munamuona akudya udzu, n'zosadabwitsa kuti ulemu mupereka kwa udzuwo. Komatu agalu abwinobwino nawonso amadya udzu, ndipo galu ameneyu akanachira ngakhale pabwalo pakanakhala pa simenti pokhapokha. Vuto limabwera tikatenga kuleza mtima koyenera galu wamkulu wamphamvu zake n'kukugwiritsa ntchito pa mwana wagalu amene akutaya madzi kukamwa ndi kumbuyo komwe. Ameneyu alibe masiku awiri oti tidikire.

Nkhani ya tameki nayo si yopeka. Akuba amaponyeradi agalu nyama yothira poizoni. Koma galu wotere amaoneka mwina: pasanathe nthawi yaitali atadya amachucha dovu, thupi limanjenjemera, amapuma movutika, mwina kugwa n'kumaphupha. Mkaka suchotsa mphamvu ya poizoni ameneyu, ndipo kuthira chilichonse m'kamwa mwa galu amene akuphupha kumatha kulowetsa madziwo m'mapapo. Wotere n'ngofunika kuthamanga naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Kagalu ka azakhali sikanayambe choncho. Dzana lake kanakana chakudya, dzulo lake kanayamba kusanza, magazi anabwera pambuyo. Umu ndi mmene imayendera nthenda ya parvo.

Parvo ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi kamene kanadziwika mu 1978 ndipo kanafalikira dziko lonse m'zaka zochepa. Kamakonda ana agalu a pakati pa masabata 6 ndi miyezi 6. Kakalowa m'thupi kamakhala masiku 3 mpaka 7 osaonetsa kanthu, kenaka kamasenda khungu la m'kati mwa matumbo, lija limayamwa madzi ndi chakudya. N'chifukwa chake chimbudzi chimatuluka ndi magazi. Kamawononganso m'mafupa momwe mumapangidwa asilikali a m'magazi, ndiye tizilombo ta m'matumbo timalowa m'magazi popanda wotiletsa. Ana agalu osalandira chithandizo amafa pafupifupi 9 mwa 10 alionse, pamene olandira chithandizo msanga ambiri amapulumuka. Kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka, ndipo kamayenda kunsi kwa nsapato. Galu wa mumpanda amene sanatulukeko pageti angathe kukatenga kwa mwini wake yemwe.

Nditanena zimenezi azakhali anadabwa. "Komatu tinakabayitsa mwezi wathawu, anthu aja atabwera pasukulu." Ananenadi zoona. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu a mu Blantyre kwaulere, ndipo ntchito imeneyi yapulumutsa ana ambiri a anthu. Koma katemera ameneyo ndi wa chiwewe chokha. Wa parvo ndi wina, amayamba galu ali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 mpaka akwane masabata 16. Chikhulupiriro chakuti jakisoni mmodzi amateteza ku nthenda zonse chimandipweteka mtima kuposa zina zonse, chifukwa chimapezeka mwa anthu amene anachita mbali yawo, ananyamula galu wawo n'kukaima pamzere.

Mkaka timauona ngati chakudya chofewa cha wodwala. Kwa agalu ambiri sizili choncho. Akangosiya kuyamwa, mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imachepa, ndipo shuga wosagayikayo amakokera madzi m'matumbo. Mukapatsa mkaka galu wotsegula m'mimba, nthawi zambiri mwawonjezera nkhuni pamoto.

Za mapiritsi a anthu ndiye ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene chifundo chimapha. Flagyl madokotala a ziweto amamugwiritsadi ntchito nthawi zina, atamuyeza galuyo pasikelo. Koma sapha vairasi, sapha njoka za m'mimba, ndipo akachuluka amakhudza ubongo, galu n'kuyamba kudzandira ngati woledzera. Piritsi limene linapangidwira munthu wa makilogalamu 60 si loti liperekedwe kwa kagalu ka makilogalamu 4. Brufen ndi Indocid amaboola zilonda m'chifu mwa galu ndi kuwononga impso, makamaka thupi likauma kale. Ambiri tikudziwa kuti Indocid anthu amaphera makoswe m'nyumba. Galu naye salimbana naye. Panado akapyola muyeso amawononga chiwindi ndi magazi, ndipo kwa mphaka ngakhale kachidutswa kamapha. Mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba amangoimitsa matumbo, n'kutsekera m'katimo zoipa zimene thupi limafuna kutulutsa.

Pali ena amene amachotsa mbale ya madzi poganiza kuti galu akamwa ndiye atsegula kwambiri. Maganizo ake n'ngomveka, koma chimene chimapha pa nthenda imeneyi ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Galu wabwinobwino amafuna mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Wa makilogalamu 10 ndiye kuti pafupifupi mabotolo awiri a Fanta, asanayambe n'komwe kutaya madzi. Madzi aukhondo azikhala pafupi nthawi zonse. Thanzi ORS yemwe timasungunulira ana amathandizanso galu, ndipo ngati palibe, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Muzimupatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, m'mbali mwa kamwa, osamukakamiza kumeza. Kuti mudziwe pamene thupi lafika, tsinani chikopa cha pakati pa mapewa n'kuchisiya: chikabwerera msanga, zinthu zikadali bwino, chikatsala chitaima, madzi atha. Gwiraninso nkhama. Zizikhala zonyowa ndi zofiirira. Zikakhala zouma, zomata kapena zotuwa, kapena galu akamasanza chilichonse chimene wamwa, za pakhomo zatha ndipo pafunika diripi.

Nanga chakudya? Galu wamkulu angathe kupumitsa m'mimba maola 12 akumwa madzi. Mwana wagalu asagone ndi njala dala, chifukwa shuga wa m'magazi mwake amatsika msanga. Ngati sakusanza, phala lofewa la mpunga, kanyama ka nkhuku kowiritsa kopanda khungu ndi dzungu lophika n'zokwana, pang'onopang'ono kanayi patsiku, n'kumabwerera ku chakudya cha masiku onse pakatha masiku awiri kapena atatu. Ndiwo zotsala za patebulo zidikire kaye, chifukwa zimakhala ndi mafuta, tsabola ndi anyezi. Anyezi ndi adyo amaphwanya maselo ofiira a m'magazi a galu, choncho adyo amene ena amati amapha njoka za m'mimba ndi wofunika kumupewa.

Njokazo zilipodi. Ana agalu ambiri amabadwa nazo kale, atazitenga m'mimba mwa mayi awo, ndipo ena amazitenga mumkaka. Zina zimayamwa magazi m'matumbo, chimbudzi n'kumatuluka chakuda ngati phula, nkhama n'kuyera. Mankhwala ake amayamba pa masabata 2 n'kumabwerezedwa masabata awiri alionse mpaka miyezi itatu, ndipo galu wamkulu amalandira miyezi itatu iliyonse. Zina mwa njokazi zimagwiranso ana athu amene amasewera padothi, ndiye chimbudzi cha galu chiziwoledwa ndipo m'manja muzisambidwa ndi sopo.

Galu wamkulu amene akudya, akumwa, akugwedeza mchira, mungathe kumuyang'anira pakhomo tsiku limodzi kapena awiri. Mwana wagalu, galu wokalamba, wotuluka magazi, wosanza mobwereza kapena wongogona osatukula mutu, ameneyo apite kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo m'maboma muli alangizi a ziweto ku maofesi a zaulimi. Ndikudziwa kuti ndalama ya ulendo ndi ya mankhwala si yapafupi pakhomo pamene ndiwo za anthu zikuvuta. Komabe katemera wa parvo amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi masiku angapo a diripi.

Kagalu ka azakhali tinakakulunga m'chitenje chakale n'kupita nako kwa dokotala wa ziweto m'mawa womwewo. Kanakhala pa diripi masiku anayi, kakulandira jakisoni woletsa kusanza ndi wina wolimbana ndi tizilombo tolowa m'magazi. Tsiku lachisanu kananyambita phala la mpunga pachala cha azakhali. Titabwerera, tinatentha chiguduli chimene kankagonapo, tinawola chimbudzi chonse, ndipo pasimenti ndi mbale zake tinatsuka kaye ndi sopo, kenaka n'kuthirapo kapu imodzi ya Jik m'makapu 20 a madzi, n'kudikira mphindi 10. Dothi la kuseri kwa khitchini silitsukika ndi Jik. Choncho mlamu wawo atabwera ndi kagalu kena kosabayitsa kuti kazikhala nawo, azakhali anamuuza kuti akasunge kaye kwawo mpaka kamalize katemera wake yense.