Tcheni ikayamba kulila, imveleni

Imwe ba rider amene mumathamangitsa ma delivery kuchoka mu town mpaka ku Chelstone, Boxer yanu yakale siifuna makanika sabata iliyonse. Ifuna chabe mphindi 15 pa Sondo, ndipo muyambile ku tcheni.

Fumbi la mu Okutobala likasakanizika na oilo limadya tcheni na ma sprocket ngati sandpaper. Mvula ikayamba mu Novembala, matope na dzimbili vimatsiliza nchito.

Imikani njinga pa sitandi yapakati, chotsani kava. Tsukani tcheni na palafini na mswachi wakale, osati petulo. Ikauma, thilani oilo ya giya pang'ono chabe, uku muzungulutsa wilo na manja. Injini ikhale yozima ngati muvikonda vala vanu.

Manje dinani tcheni pakati: iziyenda masentimita 2 kapena 3. Yolimba maningi imapha ma bearing. Yomasuka ingaguluke pa Kabulonga roundabout, kasitomala ali kudikila chakudya chake ku Woodlands.

Meno a sprocket akasongoka ngati minga, sinthani vonse pamodzi. Tcheni yanyowani pa meno okutha, bakamba, ni kutaya ndalama.