PFUMBI NDI MDANI WA KOMPYUTA

Aphunzitsi amene muli ndi makompyuta pa sukulu, ndi inu amene mumasunga makompyuta a masewera ku Chibavi, ku Luwinga ndi kwina konse mu Mzuzu, tamverani. Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba pfumbi limacuruka, ndipo limaononga makina anu mwakacetecete.

Kompyuta ikamagwira nchito imatentha, makamaka ya masewera. Cifukwa cace m'kati mwace muli mafani amene amakoka mpweya wozizira kutsogolo ndi kuturutsa wotentha kumbuyo. Mpweyawo umalowa pamodzi ndi pfumbi, ndipo pfumbilo limatseka timipata monga mwaye pa denga la khichini. Kutentha kukayandikira madigiri 100, makina amayamba kucedwa kapena kuzima okha. Akapserera, kugula ena ndi ndarama zambiri.

Tsono citani izi miyezi itatu iri yonse. Zimitsani kompyuta ndi kuzula cingwe ca magetsi. Iturutseni panja, mutsegule cibvundikiro ca m'mbali. Yambani mwakhudza citsulo ca bokosilo, kenaka cotsani pfumbi ndi kaburashi kofewa kouma, kapena lipemereni ndi pampu ya njinga. Popemera gwirani fani ndi cala kuti isazungulire. Musauzire ndi pakamwa cifukwa ca malobvu, ndipo musathire madzi ai.

Kompyuta ikhale pa tebulo, osati pansi, ndiponso isagunde khoma. Musanasese wazani madzi pansi. Mukaizimitsa ipfunditseni nsaru, koma poyatsa cotsani nsaruyo kuti ipume bwino.