Chambiko, yogati ndi chifu chaching'ono: kadyedwe pambuyo pa opaleshoni yochepetsa thupi

Opaleshoni yochepetsa thupi imachitika kwa anthu amene kunenepa kwawafika poipa, mpaka kuwabweretsera matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kubanika kutulo. Njira zofala ndi ziwiri. Pa sleeve gastrectomy madokotala amachotsa pafupifupi magawo 80 mwa 100 a chifu n'kusiya kathumba kakatali, kowonda. Pa gastric bypass amapanga kathumba ka mamililita pafupifupi 30, kukula ngati dzira, n'kukalumikiza kumatumbo aang'ono molambalala chigawo chawo choyamba. Zikatero, munthu amene ankatha mitanda itatu ya nsima amakhuta ndi masupuni owerengeka, choncho supuni iliyonse iyenera kunyamula chakudya chaphindu.

Chifu chosokedwa sichilandira chakudya cholimba msanga. Masabata awiri oyambirira nthawi zambiri amakhala a zamadzimadzi zokha. Kenako pamabwera zopota zosalala, kenako zofewa, ndipo chakudya cha masiku onse chimayamba pakatha masabata 6 mpaka 8, malinga ndi malangizo a dokotala ndi katswiri wa kadyedwe. Nthawi yonseyi thupi limafuna magalamu 60 mpaka 80 a zomanga thupi patsiku, pomwe dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. N'chifukwa chake pambale ya munthu wotere ndiwo zimayamba, nsima imatsatira ngati malo atsala. Chakudya chimadyedwa pang'onopang'ono, kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo madzi samwedwa pamodzi ndi chakudya: munthu amadikira theka la ola, kuti madziwo asadzaze kathumbako kapena kukankhira chakudya m'matumbo mofulumira.

Zakudya zosasa zili ndi malo ake m'kadyedwe kotere. Mkaka, ufa kapena masamba zikasiyidwa kuti zisase, mabakiteriya amadya shuga wa m'menemo n'kutulutsa asidi, amene amabweretsa kuwawasa kuja ndi kuletsa tizilombo towoletsa kuswana. Mumkaka, shuga wotchedwa lactose amachepa. Zimenezi n'zothandiza chifukwa ena akachitidwa gastric bypass, mkaka wamba umawatupitsa m'mimba ndi kuwatsegula, pomwe yogati amatsika bwinobwino. M'chimanga ndi m'nyemba, kuviika ndi kusasitsa kumachepetsa phytate, chinthu chimene chimatsekereza thupi kuyamwa ayironi ndi zinki.

Palinso nkhani ya mabakiteriya abwino a m'matumbo. M'chaka cha 2021, ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku America anatsatira anthu 36 kwa masabata 10. Gulu limene linkadya zosasa zambiri linapezeka ndi mitundu yochuluka ya mabakiteriya m'matumbo, ndipo zizindikiro za kutupa m'magazi mwawo zinatsika. Koma anthuwo anali athanzi, osachitidwa opaleshoni, ndipo ankadya miyezo imene chifu chaching'ono sichingakwanitse. Zosasa n'zothandizira chabe, si mankhwala.

Mwa zonse, mkaka wosasa ndiwo woyenera kuyamba nawo, chifukwa ndi wofewa, ndiponso umamanga thupi. Ku Malawi ndi chambiko, ku Zambia mabisi, ku South Africa amasi, ndipo m'masitolo muli yogati ndi kefir. Woyenera ndi wopanda shuga, wopanda zokometsera za zipatso. Wopanga kunyumba ayenera kuwiritsa mkaka kaye, kuudikira kuti ufunde, n'kuthiramo masupuni awiri a yogati kapena chambiko chabwino ngati mbewu. Mkaka wosawiritsa umatha kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena, ndipo kusasa sikupha tizilombo tonse.

Chambiko chili ndi madzi ambiri, ndipo pali njira yapafupi yochiwonjezera mphamvu. Nsalu yoyera yowiritsa imayalidwa pa sefa, sefayo n'kuikidwa pamwamba pa mbale, chambiko n'kuthiridwa m'nsalumo. Chikagona mufiriji usiku umodzi, madzi achikasu amadontha pansi, pamwamba n'kutsala phala lolimba loti supuni imaima. Yogati wamba amakhala ndi magalamu 3 kapena 4 a zomanga thupi pa magalamu 100 alionse, koma wosefa chotere amatha kufika 9 kapena 10. Kwa munthu amene chakudya chake chonse ndi masupuni anayi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Pophika, chofunika kukumbukira n'chakuti moto umapha mabakiteriya amoyo. Zosasa zimathiridwa pomaliza, mphika utaphulidwa ndipo chakudya chitafunda. Chipere cha nyemba zoviika usiku, zochotsa makoko ndi zopota bwino, chimakoma ndi supuni ya chambiko chosefa pamwamba. Chambo chowiritsa, chochotsa minga yonse, chimanyenyedwa n'kusakanizidwa ndi yogati m'malo mwa mafuta, ndipo sichiuma kukhosi. Dzira lofewa limalandiranso supuni imodzi. Nkhuku ikagonekedwa mu yogati isanaphikidwe imafewa, ngakhale mabakiteriyawo amafera pamoto. Phindu lake ndi kufewako, chifukwa nyama youma ndi imodzi mwa zakudya zimene zimakonda kutsamwitsa anthu ochitidwa opaleshoniyi. Pa zosasa zina, miso wa ku Japan amasungunulidwa mumsuzi wofunda, ndipo tempeh wa ku Indonesia, wopangidwa ndi soya, amaphikidwa mpaka afewe.

Thobwa ndi mahewu zimafunika kusamala, ngakhale n'zokondedwa. Chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo ambiri amathiramonso shuga wina. Zotsekemera zikalowa m'matumbo mofulumira zimayambitsa vuto lotchedwa dumping syndrome: pakapita mphindi 10 mpaka 30 munthu amamva nseru, thukuta, chizungulire, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba, ndipo ena shuga amawatsikira m'magazi patapita ola limodzi mpaka atatu. Thobwa likagonera masiku limayambanso kutulutsa mpweya ndi kusanduka mowa, pomwe mowa umalowerera msanga kwambiri pambuyo pa opaleshoni. Pa chifukwa chomwechi kombucha, amene ndi tiyi wosasa, ndi zakumwa zonse za gasi sizilimbikitsidwa.

Masamba osasa, monga sauerkraut wa ku Germany ndi kimchi wa ku Korea, amadikira nthawi ya chakudya cholimba. Sauerkraut ndi kabichi wodula bwino, wofinya ndi magalamu 20 a mchere pa kilogalamu, wotsindira m'botolo mpaka amire m'madzi ake omwe, n'kukhala sabata imodzi mpaka masabata atatu. Ulusi wake ndi wolimba, mchere ndi wambiri, ndipo kimchi ali ndi tsabola amene amautsa chilungulira. Kasupuni kamodzi kodula tinthu ting'onoting'ono n'kokwanira poyambira. Chakudya chatsopano chilichonse chimayesedwa chokha, kwa masiku awiri kapena atatu, kuti chikavuta chidziwike.

Palibe chakudya chosasa chimene chingalowe m'malo mwa mavitamini olembedwa ndi dokotala. Chifu chochepetsedwa sichiyamwitsa bwino vitamini B12, ayironi ndi kashiamu, ndipo ambiri amamwa zowonjezera ndi kuyezetsa magazi moyo wawo wonse. Kusanza kosalekeza, kulephera kumeza ngakhale madzi, kupweteka kwambiri m'mimba kapena chimbudzi chakuda ndi zizindikiro zofunika chipatala tsiku lomwelo.