Mwana Wamkazi Akaleka Kugwira Zinthu ndi Manja

Amayi, mukabwera ku sikelo musangoyang'ana kulemera kwa mwana kokha. Tiuzeninso ngati waleka zimene anali kuchita kale. Mwana amene anali kutola mbatata yekha ndi kuitana "amama", kenaka n'kusiya, ayenera kuonedwa ndi dokotala msanga. Kawirikawiri gwero lake limakhala malungo a mu ubongo kapena nthenda youmitsa khosi, koma ilipo ina yosowa imene tifuna muidziwe.

Dzina lake ndi Rett, potsata Andreas Rett, dokotala wa ku Vienna amene anaifotokoza m'chaka cha 1966. Imagwira pafupifupi mwana wamkazi mmodzi mwa 10,000 alionse. Mwanayo amabadwa ndi kukula bwino, koma pakati pa miyezi 6 ndi 18 amayamba kubwerera m'mbuyo. Mau amatha, mutu umakula mochedwa, ndipo amangopotokola manja ngati akusamba m'manja. Ena amadwalanso khunyu.

Thupi lathu linamangidwa ndi timaselo, ndipo m'kati mwake muli malangizo ochokera kwa makolo otchedwa majini. Majiniwa sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Thupi limaika tizizindikiro pa ena, monga momwe munthu amamangira mfundo pa udzu kuti ena adziwe kuti malowo ali ndi mwini. Jini yotchedwa MECP2 imapanga puloteni yozindikira tizizindikiroto. Puloteniyi imakakhala pomwepo ndi kuongolera majini ena kuti asagwire ntchito mopyola muyeso kapena moperewera. Imapezeka yochuluka mu ubongo. Adrian Bird ndi anzake anaitulukira m'chaka cha 1992, ndipo mu 1999 gulu la Huda Zoghbi ku America linaonetsa kuti kuonongeka kwa jiniyi ndiko kumabweretsa nthendayi.

Jiniyi ili pa kromosomu X. Mtsikana ali ndi ma X awiri, motero wabwinoyo amamuthandiza kukhala ndi moyo. Mnyamata ali ndi mmodzi yekha, ndipo wobadwa ndi vutoli amadwala kwambiri akadali wakhanda.

Si tsempho, si ufiti, ndipo simunalakwe kanthu muli ndi pakati. Jiniyo imaonongeka yokha mwangozi, ndipo si kawirikawiri kuti nthendayi ibwerezenso m'banja lomwelo.

Mankhwala ochiziratu sanapezeke, koma khunyu lili ndi mankhwala ake ku chipatala. Mpatseni phala lofewa lothira nsinjiro pang'onopang'ono atakhala tsonga, kuti asatsamwe. Muongoleni manja ndi miyendo tsiku lililonse monga angakuphunzitseni a chipatala, ndipo amalize katemera yense. Muzicheza naye, pakuti ambiri a iwo amayankha ndi maso: muonetseni zinthu ziwiri, ndipo chimene achiyang'anitsitse ndicho akufuna.