Maina Awiri a Peyala m'Cisipanishi

Anzanga, m'nthawi yopuma ndimaphunzira mau a Cisipanishi pang'onopang'ono, ndipo ndifuna kukufotokozerani za cipatso cimene tonsefe timacidziwa, ndico peyala.

Dzina lathuli tinalitenga ku Cingerezi, pakuti Angerezi amacicha cipatsoci "avocado pear". Koma munthu akapita ku msika wa ku Madrid nanena kuti "pera", adzampatsa cipatso cina ca ku maiko ozizira, cimene cifanana ndi apozi. Peyala lathu lili ndi maina ena awiri m'Cisipanishi.

Loyamba ndi "aguacate", ndipo timalichula kuti a-gwa-ka-te. Kwao kwa mtengowu ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako. Anthu a mtundu wa Aztec anali kuucha "ahuacatl" m'cilankhulo cao ca Nahuatl. Hernán Cortés anafika m'dziko lao m'caka ca 1519, nagonjetsa mzinda wao waukulu wa Tenochtitlan mu 1521. Asipanishi anapeza bvuto kuchula "tl" wa kumapeto kwa mau, cotero anaikapo "te". Anacitanso cimodzimodzi ndi "tomatl" amene anasanduka "tomate", ndiwo matimati athu. Dzina la aguacate limamveka ku Spain, Mexico, Cuba ndi Colombia.

Laciwiri ndi "palta". Ili linacokera ku Quechua, cilankhulo ca anthu a mtundu wa Inca a m'mapiri a Andes. Ndilo dzina limene amagulira peyala ku Peru, Bolivia, Chile, Argentina ndi Uruguay.

Nanga "avocado" wa Angerezi? Anacokera ku aguacate yemweyo, koma anthu anamsokoneza ndi mau a Cisipanishi otanthauza loya, amene lero amalembedwa "abogado".

Cinanso cofunika ndi ici: m'Cisipanishi dzina lililonse ndi lacimuna kapena lacikazi. Timati "el aguacate" koma "la palta". Monga ife sitinena kuti "cipatso wabwino", iwonso amamva msanga munthu akasinthanitsa timau timeneti.

Cifukwa cace ndikamalemba mau atsopano m'kope langa ndimaika zinthu zitatu pamodzi: dzina, kamau kace ka el kapena la, ndi dziko kumene amalinena. Ndikupemphani anzanga amene mukuphunzira Cifalansa kuti muyese njira imeneyi, pakuti nakonso maina ali ndi timau tao ta le ndi la.