Bala ikatsekedwa msanga, mowa umasamukira kuchipinda

Munthu wofuna kutsegula bala ku Chinyonga kapena pa Kamba ayambe wagula nsapato zolimba, chifukwa maofesi oti ayendemo ndi ambiri. Kukhonsolo ya mzinda wa Blantyre akatenge laisensi yogulitsira mowa, monga likunenera lamulo la mowa la 1979. Akati aziika nyimbo, a COSOMA nawo ali ndi yawo. Akaitana bandi, pali chilolezo cha zisangalalo chochokera m'lamulo la 1968, lija boma la Kamuzu linkaletsera nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Mwini wake anachoka pampando mu 1994, koma lamulolo linatsala.

Tsono wolipira zonsezi ndi yemwenso amavutika koyamba. Ali pamsewu, ali ndi chikwangwani, apolisi sasochera pomufuna. Mayi wa shabini kuseri kwa nyumba ku Ndirande kapena ku Bangwe alibe pepala ngakhale limodzi, ndiye mumulanda chiyani?

Tinaziona bwino mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atavuta. Boma la Lazarus Chakwera linalamula kuti malo omwera mowa azitsekedwa 8 koloko madzulo, ndipo ikakwana 9 koloko aliyense akhale ali pakhomo. Anthu ankafadi, zimenezo sitikutsutsa. Koma kodi ludzu linatha? Ayi ndithu. Makreti ankalowera khomo lakumbuyo, anthu n'kumapanikizana m'kachipinda kopanda windo, magetsi atazimitsa. Amene anagona ndi njala ndi ena: oimba, ma DJ, alonda, mnyamata wootcha kanyenya, mayi wa tchipisi, wa takisi wodikira oledzera. Ku Lilongwe amayi oyendayenda mpaka anachita zionetsero mwezi womwewo. Ambiri anaseka, koma amayiwo ankanena za lendi ndi ufa.

Nkhani ya masacheti ndi chimodzimodzi. Boma linawaletsa mu 2015, mowa womwewo n'kubwerera m'timabotolo.

Anthu a ku Chinyonga nawo ali ndi dandaulo lomveka. Kumeneku ndi kunyumba za anthu. Mwana wolemba mayeso a MSCE sangawerenge sipika ikugunda mpaka tambala woyamba, ndipo wodwala BP sagona. Komatu vuto pamenepa ndi phokoso, zimbudzi ndi ana osakwana zaka 18 olowa m'bala. Zitatuzi khonsolo ingathe kuziyendera n'kulanga wolakwayo payekha, osati kukwapula onse ndi chikoti chimodzi.

Inu amalonda ndi ophunzira a ku MUBAS amene mumacheza m'malo amenewa, kafunseni khansala wanu mafunso awiri. Bwanji mapepala onsewa sangatengedwe pawindo limodzi? Nanga bwanji bala yomwe yatchinga phokoso, yaika mlonda pageti ndipo ili ndi chimbudzi cha madzi singapatsidwe maola ochulukirapo kuposa inzake yomwe makasitomala ake amakodzera mpanda wa eni ake?