Mowa woulula chinsinsi cha njere

Mathiraki a chimanga akaima pa toll gate ya Shimabala, pamsewu wa Kafue kupita ku Lusaka, palibe diso lingasiyanitse njere wamba ndi ya GMO, yosinthidwa chibadwa. Yankho labisika mu DNA, ndipo DNA siyesedwa isanatulutsidwe m'njeremo. Kumpoto pang'ono kwa Shimabala, ku Mount Makulu m'boma la Chilanga, kuli likulu la ZARI, bungwe lofufuza zaulimi, komanso SCCI yoyesa mbewu. Mu 2002, njala ili pachimake, boma la Levy Mwanawasa lidakana chimanga chathandizo cha GMO, ndipo mu 2007 Zambia idakhazikitsa lamulo la Biosafety Act. Lamulo lotere limakhala ndi mano pokhapokha dziko likamatha kudziyesera lokha mbewu, ndipo luso limeneli latsamira pa chinthu chooneka chopepuka: mowa woyengeka bwino wotchedwa ethanol.

Woyesa amayamba ndi kusinja njere kapena tsamba, n'kuthira mankhwala onga sopo, monga CTAB, ophwanya maselo. DNA imatuluka, koma imasungunuka ngati shuga mu tiyi, chifukwa ili ndi mphamvu yamagetsi imene imakoka madzi kuti aikute. Akathira mchere wa sodium acetate, kenako ethanol wozizira wochuluka kawiri kapena kawiri ndi theka kuposa madziwo, zinthu zimasintha. Ethanol satchinga mphamvu yamagetsi ngati momwe madzi amachitira, choncho mchere umamatirira ku DNA, timaulusi take n'kuundana mbee ngati thonje. Makina ozunguza amaikhazika pansi pa kabotolo, ndipo amaitsuka ndi ethanol wa 70 peresenti, amene amachotsa mchere osasungunulanso DNA. Mu 1944 ku New York, Oswald Avery ndi anzake adakulunga timaulusi totere pakandodo, n'kusonyeza kuti chibadwa cha zamoyo chimasungidwa mu DNA.

Ena amati njirayi ndi yachikale, popeza kuli makiti ochokera kunja ofulumira ndiponso opereka DNA yoyera. Kufulumirako n'koona, ndipo pantchito ya chipatala n'kofunika. Koma makiti ambiri amafunabe ethanol pomata DNA ku kasefa kake ndi poitsuka, kotero sanamuthawe. Amagulidwa ndi madola, amatha mphamvu akakhalitsa, ndipo kwacha ikagwa mtengo wake umakwera. Labu yodziwa kit yokha imapinda manja katundu akachedwa pamalire, pomwe yodziwa mchere ndi mowa imayesabe chimanga, imayesabe chinangwa chogwidwa ndi khate, matenda amene kachilombo kake kali ndi DNA. N'chifukwa chake ophunzira a sayansi ayenera kuizolowera njirayi ndi manja awo, osangoiwerenga m'buku.

Palinso oti mowa sungakhale vuto kumene kachasu amatchezedwa m'midzi yambiri. Kachasu ali ndi madzi ochuluka ndi zotsalira zina zimene zingasokoneze PCR, njira yochulukitsa DNA kuti iwerengeke. Ngakhale ethanol weniweni akapanda kuuma bwino pa DNA amalepheretsa PCR. Komabe ganizolo laloza koyenera. Kutsidya kwa mtsinje wa Kafue, ku Nakambala m'boma la Mazabuka, kuli minda yaikulu ya nzimbe, ndipo ku Malawi fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga kuyambira 1982. Nzimbe zilipo, luso lotcheza lilipo. Chofunika n'kuyenga mowawo kufikira muyezo wa labu ndi kuonetsetsa kuti malabu aboma ali nawo nthawi zonse. Mlimi wa ku Shimabala wogula thumba la mbewu mvula ili pafupi amakhulupirira zolembedwa pathumbapo, ndipo amene angatsimikize kuti zolembedwazo n'zoona ndi woyesa amene botolo lake la ethanol silinaume.